Madzi saiwala khwawa, nanga ana athu akuphunzira jogalafe yanji?

Mwana wa mlongo wanga ali Folomu 3 ndipo jogalafe amaikhoza bwino. Atabwera kudzakhala nafe pa tchuthi chapitachi ndinabwereka kope lake kuti ndione zomwe akuphunzira masiku ano. Munali zonse, zolembedwa mwaukhondo: mitundu itatu ya mvula, magulu atatu a miyala, tanthauzo la latitude ndi longitude, ndi chithunzi cha phiri lophulika moto chopakidwa chekeni chofiira. Tsikulo kunkagwa mvula, ndiye ndinamulozera madzi amene ankatsika pamalata n'kumufunsa kuti, "Madzi awawa akachoka pakhomo pano amakathera kuti?" Anandiyang'ana ngati ndamufunsa za ufiti. "Amalume, zimenezo sizibwera pa mayeso."

Sindinamukalipire, chifukwa sananame. Komanso chala chikanaloza ine ndemwe. Ndinaphunzitsapo phunziroli kwa zaka zingapo pa sekondale ina yoyendera, ndipo nanenso ndinkadzaza bolodi ndi manotsi kuyambira pamwamba mpaka pansi, ana n'kumakopera, belu n'kulira, tonse n'kumapita. Kuseri kwa kalasi yathu kunali chigwembe chimene chinkakula dzinja lililonse. Tsiku limene ndinaphunzitsa za kukokoloka kwa nthaka ndinajambula chigwembe china pabolodi ndi choko. Chenichenicho tinkangochidumpha popita kuchimbudzi.

Jogalafe taitembenuza chadodolido. Timayambira kutali, pa matanthauzo oloweza m'Chingerezi, n'kumayembekeza kuti tsiku lina mwana adzafika yekha pakhomo pake. Ambiri safika. Phunziroli liyenera kuyambira pamene mwana waponda, ndipo funso lake lalikulu ndi limodzi lokha: n'chifukwa chiyani chinthu ichi chili pano, osati apo? Zina zonse zimene timazitcha mfundo zoyambira za jogalafe ndi zipangizo zoyankhira funso limeneli.

Mu 1984 mabungwe awiri a ku America, National Council for Geographic Education ndi Association of American Geographers, anasanja phunziroli m'mitu isanu imene mabuku ambiri amaitsatira mpaka lero. Mituyi ndi pamene chinthu chili, mmene malowo alili, mmene anthu ndi malo amasinthirana, kayendedwe ka anthu, katundu ndi nzeru, komanso zigawo. Ndilibe nayo mlandu. Ndi makasu abwino. Mantha anga ndi akuti nayonso itha kusanduka chinthu choloweza, mwana n'kumaitchula isanu yonse mosaphonya koma osalimira nayo ngakhale mzere umodzi. Khasu lopachika pakhoma silipalira munda.

Chodabwitsa n'chakuti chilankhulo chathu chomwechi chinayamba kale kuphunzitsa jogalafe, ife aphunzitsi n'kumachilambalala. Taganizirani mawu oti kumpoto ndi kummwera. Mpoto ndi mphepo, mwera ndi mphepo. Akuluakulu amatinso kuvuma ndi kuzambwe potchula kum'mawa ndi kumadzulo, ndipo vuma ndi zambwe nazonso ndi mphepo. Makolo athu kampasi yawo inali yomva pakhungu. Msodzi wa ku Nkhotakota kapena ku Chembe safuna buku kuti adziwe kuti miyezi yozizira mwera ukakalipa bwato silichoka pagombe. Koma mwana wake akalowa m'kalasi amaloweza dzina lachingerezi la mphepo zochokera kummwera chakum'mawa, osauzidwa kuti ndi mwera womwe uja wagoneka banja lawo ndi njala sabata yathayi. Zinthu ziwiri zimene zili chimodzi zimakhala m'mutu mwake ngati anthu osadziwana.

Chiperoni ndiye chitsanzo chimene chimandiwawa kwambiri. Aliyense wa ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje amachidziwa: kuzizira, nkhungu, kamvula kowaza kosatha masiku atatu m'mwezi wa Juni kapena Julayi, zovala osauma pachingwe. Dzinalo linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, mbali imene mitamboyo imatulukira. Chimene chimachitika n'chakuti mphepo yachinyezi yochokera ku nyanja yamchere ya India ikagunda mapiri imakakamizika kukwera, ikakwera imazizira, ndipo chinyezi chija chimasanduka mitambo ndi mvula. Umenewu ndi umodzi mwa mitundu itatu ya mvula imene inali m'kope la mwana uja, yojambulidwa ndi kaphiri kopanda dzina. Kaphiriko kakanalembedwa kuti Mulanje, mwana akanadzipezera yekha chifukwa chimene tiyi anadzalidwira ku Thyolo ndi kummwera kwa phiri la Mulanje, pomwe chigwa cha Phalombe, chimene chili kuseri kwa phiri lomwelo, chimalandira mvula yocheperapo. Mphepo imafika kumeneko itakhuthula kale katundu wake.

Latitude nayo ili ndi mankhwala ake osalira ndalama. Dziko lathu lili pakati pa madigiri 9 ndi 17 kummwera kwa equator. Chiganizo chimenechi mwana amachinyamula ngati mwala m'thumba, chimalemera koma sichimuthandiza. Zikani ndodo yowongoka pabwalo la sukulu, ana aziyeza chithunzithunzi chake dzuwa likafika paliwombo, kamodzi pa sabata. Mu Juni chidzakhala chachitali, choloza kummwera, pakuti dzuwa limakhala kumpoto kwathu. Chidzayamba kufupika pang'onopang'ono mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ngati muli ku Blantyre, pamene chidzabisala pansi pa ndodo. Pofika potsekera sukulu mu Disembala chidzakhala chitatulukira mbali inayo, kuloza kumpoto, ndipo mu Febuluwale chidzasowanso. Mwana wa ku London sangaone zimenezi pakwawo ngakhale tsiku limodzi, chifukwa kumeneko dzuwa silifika pamutu penipeni. Kuchokera pa ndodoyi n'kosavuta kufotokoza chifukwa chimene mvula yathu imagwera kuyambira Novembala mpaka Epulo: dera la mitambo ya mvula limatsatira dzuwa pamene latenthetsa kwambiri, ndipo likabwerera kumpoto chilimwe chimalowa.

Wina asaipeputse ndodoyi. Zaka zoposa 2,200 zapitazo, Eratosthenes, amene amatchulidwa kuti ndiye anayamba kugwiritsa ntchito mawu amene ife tikuti jogalafe, anayeza kukula kwa dziko lonse ndi chithunzithunzi. Ankakhala ku Alexandria, m'dziko la Egypt, muno mu Africa momwe. Anadziwa kuti ku Syene, kumene lero ndi Aswan, pali tsiku limene dzuwa la masana limakhala pamutu penipeni, koma tsiku lomwelo ku Alexandria chinthu choimirira chimakhala ndi chithunzithunzi chopendekeka madigiri pafupifupi 7, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo 50 a mzere wozungulira. Anatenga mtunda wa pakati pa mizinda iwiriyo n'kuchulukitsa ka 50. Analibe labotale.

Pali nambala imodzi imene ndikanakonda mwana aliyense ailoweze, chifukwa ikalowa imayamba kugwira ntchito yokha. Ukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka. Nsanje ili pansi kwambiri, sifika mamita 100 kuchokera pa msinkhu wa nyanja yamchere. Tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600. Masamu ake akupereka kusiyana kwa madigiri pafupifupi 10, ndipo m'menemo muli yankho la mafunso ambiri: bwanji mbatatesi ndi kabichi zadzaza ku Lizulu ndi ku Tsangano, bwanji nzimbe zili ku Nchalo, bwanji wa ku Ngabu akafika ku Dedza mu Julayi amagula juzi pasiteji pomwepo. Ngakhale mbiri ya mipingo ili momwemo. Amishoni a Livingstonia anayambira ku Cape Maclear mu 1875, anasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 anakwera phiri kupita ku Khondowe. Malungo a m'mbali mwa nyanja anali atawaika anzawo angapo m'manda.

Funso lija lakuti bwanji pano likafika pa mtsinje wa Shire ndiye limakoma zedi. Malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira onse ali pa mtsinje umodzi, ndiponso pa chigawo chimodzi cha mtsinjewo, ndipo magetsi ambiri a dziko lino amachokera pamenepo. Si mwangozi. Dziko lathu lili m'chigwa chachikulu chimene chinapangika pamene nthaka ya kum'mawa kwa Africa inayamba kung'ambika ndi kutitimira. Nyanja ya Malawi yakhala m'mng'alu umenewu, n'chifukwa chake ndi yaitali, yopapatiza, ndi yakuya mamita pafupifupi 700 chakumpoto, moti pansi pake penipeni ndi potsika kuposa pamwamba pa nyanja yamchere. Kung'ambikako sikunathe. Chivomezi cha ku Salima mu 1989 ndi zivomezi za ku Karonga mu Disembala 2009 ndi umboni wake. Shire ndiye khomo lokhalo lotulukira madzi a m'nyanjayi. Amachoka ku Mangochi, kudutsa m'nyanja ya Malombe ndi ku Liwonde mwaulemu, koma pakati pa Matope ndi Chikwawa amatsika mamita mazanamazana pa mathithi otsatizana. Mathithi amenewa ndiwo anaimitsa sitima ya David Livingstone pa Kapichira mu 1859. Chimene chinatsekera mzungu uja njira ndicho chikutiunikira lero.

Mwana akamvetsa zimenezi, kuzima kwa magetsi kumasiya kukhala tsoka lochokera kumwamba. Amatha kulondola chingwe chake. Mtengo wodulidwa ku Neno kapena ku Ntcheu n'kuwotchedwa makala umasiya nthaka pambalambanda. Mvula imakokolola nthakayo n'kukaithira m'mitsinje yothira mu Shire, matope ndi zinyalala n'kukaunjikana pamalo pamene makina amatengera madzi. Magetsi akazima, wa m'tauni amagula thumba lina la makala, ndipo mtengo wina umagwa. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Palinso mbiri imene ana ambiri sanaimvepo: pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inatsika kwambiri moti Shire anasiya kutulutsa madzi m'nyanjamo. Zinachitikapo. Mwana wa Folomu 2 amene angafunse kuti nanga zitachitikanso tingatani, ameneyo ndiye waphunzira jogalafe, ngakhale atalephera kutchula magulu atatu a miyala.

Koma chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe si magetsi. Ndi Malichi wa 2023. Namondwe wa Freddy atakhuthula mvula masiku angapo osalekeza, matope ndi miyala zinatsika phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Zomwezo zinachitika ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa osapezekanso. Ambiri tinati sizinaonekepo. Zinaonekapo. Mu Disembala 1946 phiri la Zomba linagumuka n'kusesa mbali ina ya tauniyo. Mu Malichi 1991 madzi ndi miyala zochokera m'phiri la Michesi zinapha anthu mazanamazana ku Phalombe. Akuluakulu ali nalo dzina lake: Napolo, chinjoka chimene chimati chikatopa kukhala m'phiri chimatsika kulowera kunyanja, n'kusesa chilichonse chopezeka pa njira yake.

Ine Napolo sindimuseka. Ophunzira ena amaona nkhaniyi ngati chikhulupiriro cha osaphunzira, koma mkati mwake muli mfundo imene mabuku athu alephera kuikhomereza: chinthuchi chili ndi njira yake, ndipo chimabwerera momwemo. Madzi saiwala khwawa. Sayansi yake ndi yosavuta. Pamalo otsetsereka kwambiri nthaka imakhala yochepa, yogona pathanthwe. Mizu ya mitengo ndiyo imaigwira. Mvula ikagwa masiku ambiri nthaka imakhuta madzi, imalemera, pansi pake pamaterera, ndipo imanyamuka pamodzi ndi miyala kutsata makwawa akale, kuphatikizapo aja anauma kalekale anthu n'kumangamo nyumba. Zonsezi zimaoneka pa mapu amene ana athu amalembera mayeso. Mizere ya ma contour, yoonetsa kukwera kwa malo, ikathithikana ndiye kuti malowo ndi otsetsereka kwambiri. Ikapindika ngati nsonga ya mkondo yoloza kumtunda ndiye kuti pamenepo ndi khwawa, kaya muli madzi lero kaya mulibe. Mwana amaphunzira izi kuti apeze malikisi awiri kapena atatu. Palibe amamuuza kuti akuwerenga njira ya Napolo.

Ndikudziwa chimene ena anene, ndipo ali ndi mfundo. Anthu a m'mphepete mwa Soche kapena Ndirande sanakamange kumeneko chifukwa cholephera jogalafe. Anapitako chifukwa puloti yapamalo abwino ndi yodula, lendi ya kumtunda ndi yotsika, ndipo ganyu ali m'tauni. Ukhoza kudziwa ma contour onse koma m'thumba mulibe kanthu, ukagonabe pamene wapeza. Ndikuvomera, ndipo sindikufuna kuti phunziroli lisanduke chikwapu chokwapulira osauka. Komabe amene amagawa malo, amene amavomereza mapulani, makhansala, aphungu, ndi omanga misewu amene amaloza ngalande kumene kuli nyumba za anthu, ambiri mwa iwowa anakhalapo pa desiki ya Folomu 3. Anatuluka ndi satifiketi koma opanda diso loona malo. Ndiponso ngakhale wosauka amene sangathe kusamuka, kudziwa kumamuthandiza pa chinthu chimodzi chachikulu: kuzindikira usiku umene ayenera kunyamula ana n'kukagona kwa achibale.

Apa ndi pamene manambala amafunika thupi. A zanyengo akalengeza pa wailesi kuti kugwa mvula ya mamilimita 100 pa tsiku, ambiri timangomva ngati nambala ya basi. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi ndi lita imodzi ya madzi. Denga la kanyumba ka mamita 10 mulitali ndi 5 mulifupi likalandira mamilimita 100, pamatsika malita 5,000, zomwe ndi zigubu 250 za malita 20. Denga limodzi, tsiku limodzi. Tsono werengani madenga a m'mudzi wonse, muonjezere phiri lopanda mitengo limene lili kumtunda kwake. Mwana amene anayezapo mvula ndi chitini ndi rula pabwalo la sukulu akamva nambala ija pa wailesi thupi limachita tsembwe, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira.

Aphunzitsi anzanga adzati ndayiwala mmene kalasi imakhalira. Ana ochuluka, mapu amodzi ong'ambika ogawana gulu lonse, silabasi yaitali, ndipo a MANEB sadikira. Sindinaiwale. Koma taonani zimene ndatchula: ndodo, chitini, rula, chigwembe cha kuseri kwa kalasi. Ana akhoza kuyeza bwalo la sukulu ndi mapazi n'kujambula mapu ake, ndipo tsiku limenelo adzamvetsa sikelo kuposa mmene angaimvetsere poloweza kuti pa mapu a 1:50,000 masentimita 2 ndi kilomita imodzi. Chimene chikusowa kwenikweni si zipangizo. Ndi chilolezo, cha mumtima mwa mphunzitsi ndi cha oyang'anira, chakuti kutuluka panja ndi ana ndi kuphunzitsa ndithu, osati kuthawa ntchito.

Za mayeso ndiye nkhani ili apa. Ana ndi aphunzitsi amatsata kumene kuli malikisi, monga mbuzi itsata kumene kuli msipu, ndipo palibe chifukwa chowadzudzulira. Choncho mafunso ndiwo asinthe. Ndikanakonda kuona funso lotere: nyanja ya Chilwa inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 inatsala pang'ono kutheratu, koma nyanja ya Malawi sinaumepo m'nthawi yathu ino, fotokozani chifukwa chake. Kuti ayankhe, mwana ayenera kudziwa kuti Chilwa ndi yosaya, mamita ochepa chabe, kuti ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo amachoka pouluka ndi dzuwa, n'chifukwa chake ndi amchere pang'ono, ndiponso kuti imadalira mitsinje ngati Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imene imachokera m'mapiri amene tikuwameta. Akhozanso kupitiriza yekha n'kunena zimene zimachitikira msodzi wa matemba ndi anthu a pachilumba cha Chisi madzi akathawa. Funso limodzi, mitu inayi mwa isanu ija yagwira ntchito, popanda kumuuza kuti aitchule.

Pali chitsutso china chimene ndimachilemekeza kwambiri. Akuti mukaumirira za pakhomo mudzatulutsa ana odziwa dambo la kwawo lokha, osadziwa dziko. Yankho langa n'lakuti kuyambira pakhomo si kuthera pakhomo. Madzi aja ndinamufunsa mwana wa mlongo wanga akachoka pamalata athu amalowa mu Mudi, n'kutsetsereka mpaka kukagwera mu Shire, Shire n'kukawatula mu Zambezi m'dziko la Mozambique, Zambezi n'kukawathira m'nyanja ya India. Ndipo m'nyanja yomweyo ndi mmene munachokera Freddy. Anabadwira kutali, kufupi ndi Australia, kumayambiriro kwa Febuluwale, anaoloka nyanja yonseyo, anamenya Madagascar ndi Mozambique, anabwerera m'nyanja kukatenga mphamvu zina, n'kudzalowanso cha ku Quelimane asanatipeze. Bungwe loona zanyengo padziko lonse linatsimikiza kuti anakhala masiku 36, nthawi yaitali kuposa namondwe wina aliyense wa mtundu wake amene analembedwapo. Ukalondola dontho limodzi mokhulupirika, limakufikitsa ku Australia.

Chimodzimodzi mzere wa galimoto pa filing'i siteshoni. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, choncho mafuta ndi feteleza zimadzera ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam. Nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, itatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala, katundu wathu ankazungulira mitunda italiitali mpaka ku Durban, ndipo nthawi yomweyo tinalandira othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi. Mu 2022 nkhondo ya Russia ndi Ukraine inakweza mtengo wa feteleza padziko lonse, mlimi wa ku Mchinji n'kuimva m'thumba. Kayendedwe ka anthu ndiye sitifunika kukafufuza kutali. M'mabanja ambiri muli agogo amene anapita ku Wenela kapena ku Theba, machona amene anatsalira ku Zimbabwe, ndi mnyamata amene ali ku Joni lero akutumiza ndalama pa foni. Mphunzitsi atangofunsa kuti aliyense akafunse kwawo kumene agogo ake anabadwira ndi kumene abale ake ali, bolodi lingadzaze ndi mivi yokwanira teremu yonse.

Za zigawo ndinenapo mwachidule, chifukwa kwathu kuno mawuwa anawaononga andale. Mwana adziwe kuti chigawo ndi mzere umene munthu anajambula ndi cholinga china, ndipo ukasintha cholinga mzerewo umasuntha. Chigawo cholima fodya sichifanana ndi chigawo cha boma, ndipo chigawo cholankhula Chichewa sichiima pa Mchinji. Mu Ogasiti Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakumana ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu pali malo amene msewu wa M1 ndiwo malire, ogulitsa tomato mbali iyi ali ku Malawi, a mbali inayo ali ku Mozambique. Likoma ndi Chizumulu ndi zathu koma zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Mwana wozolowera kuona mizere motere savutika kufunsa, wina akamuuza kuti anthu a chigawo chakuti ndi otere, kuti kodi mzerewo anajambula ndani.

Nanga foni? Achinyamata amati mapu ali m'manja kale, kadontho kabuluu kamakuuza pamene uli. Zoona, ndipo inenso ndimagwiritsa ntchito Google Maps ndikasochera ku Area 47. Koma foni imayankha funso lakuti ndili pati. Siyankha lakuti bwanji pano, kapena lakuti kodi pano m'pomanga nyumba. Ndipo usiku umene magetsi azima, netiweki yathawa, mlatho wakokoloka, chotsala ndi mapu amene ali m'mutu.

Mvula ija itakata m'mawa mwake, ndinamuuza mwana uja kuti avale nsapato zakale titsate madzi. Anabwera monyinyirika. Tinatsata kangalande ka pakhomo mpaka pamsewu, pamene tinapeza paipi ya pansi pa msewu itatsekeka ndi mapepala apulasitiki ndi mchenga, madzi atadzipangira njira ina pakati pa nyumba ziwiri. Tinatsikira nawo. Ankayenda patsogolo tsopano, akuloza pamene udzu unagona ndi pamene zinyalala zinakodwa pa mpanda kufika m'chiuno. Chakumunsi, tisanafike kumtsinje, khwawa linatseguka bwinobwino, miyala yake yosalala yoonetsa kuti madzi akhala akudutsapo zaka zambiri. Pakati penipeni pa khwawalo wina anali atakumba maziko a nyumba ya zipinda zitatu, njerwa zitaunjikidwa pambali, zingwe za mmisiri zikadali zomangika pa zikhomo.

Anaima nthawi yaitali, akuyang'ana kumtunda kumene tinachokera, kenaka mazikowo. "Amalume," anatero, "kodi eni akewa akudziwa?"